Livulezi ndi Mjigo wa Sipanala Imodzi

Munthu wochokera ku Dedza kulowera ku Ntcheu pa msewu wa M1 maso ake amathera pa malonda a m'mbali mwa msewu. Pa Lizulu pali milu ya mbatatesi, kabichi, tomato ndi anyezi, kudzanja lamanja kuli Mozambique, kulamanzere kuli Malawi. Ndi ochepa amene amaponya maso kum'mawa, kumene dziko limatsetsereka, kusiya mphepo yozizira ya kumapiri n'kukagwera m'chigwa chofundirapo. Kumusi kumeneko ndi kumene kumadutsa mtsinje wa Livulezi pa ulendo wake wa kunyanja. Ndi dziko la Angoni a kwa Gomani, dziko la chimanga, mtedza ndi ng'ombe, kumene misewu yafumbi imakumana pa timisika monga Kandeu.

M'mabuku a mbiri chigwachi chimatchulidwa mwa apo ndi apo, makamaka pa nkhani ya amishoni a ku Scotland amene anamangako siteshoni m'zaka za m'ma 1880, pambuyo pake n'kuisiya m'manja mwa a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa. Komatu Livulezi ali ndi mbiri ina yaikulu kuposa imeneyi, mbiri imene ana athu amaigwira ndi manja m'mawa uliwonse osadziwa. Mjigo umene uli pasukulu, pachipatala, pamsika ndi pakati pa midzi yambiri kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa dzina lake ndi Afridev. Ntchito yoganizira kapangidwe kake inayambira m'Malawi momwe muno mu 1981, ndipo kumtunda kwa chigwa cha Livulezi ndi kumene kholo lake linayesedwa koyamba, pa manja a amayi otunga madzi.

Kuti timvetse chimene chinasintha, tiyambe ndi madzi akale. Amene anakula mijigo isanachuluke amakumbukira mwezi wa Okutobala, dzuwa litakhwima, timitsinje titauma. Mayi ankalawira tambala woyamba, mtsuko pamutu, chikho m'manja, kupita kukhwawa kukafukula mchenga. Akafika pa chinyontho ankakhala pansi n'kumadikira kuti madzi adzinjike pang'onopang'ono, kutunga chikho chimodzi, kudikiranso, mpaka mtsuko udzaze. Wochedwa ankapeza mzere wa mitsuko, madzi atavunduka kale. Pobwerera ankathyola timasamba n'kutiyandamitsa pamwamba kuti madzi asakhavukire panjira, n'kusenza pa nkhata. Zitsime za m'madambo zinali zosatseka, ng'ombe ndi mbuzi zinkamwera pomwepo, ndipo mvula yoyamba ikagwa inkakokololera zonse za m'tchire m'menemo. Kutsegula m'mimba ndi kamwazi zinali za chaka ndi chaka. Mu 1973 kolera inalowa m'dziko muno, ndipo sinachokeretu mpaka lero.

Sikuti mijigo kunalibe. Boma la atsamunda linayamba kukumba zitsime ndi kuboola pansi cha m'ma 1930, kudzera ku nthambi yofufuza za miyala imene inkatsogoleredwa ndi Frank Dixey. Pamwamba pa mabowo ambiri anadzaikapo pampu yochokera ku Britain yotchedwa Climax. Achikulire saiiwala: chinthu chachikulu chachitsulo chokhala ndi gudumu lolemera limene munthu ankalizunguza ndi manja awiri, ndipo likagwira liwiro ana ankakonda kulendewerapo. Kuiona kunja, unkati imeneyi idzasiya zidzukulu. Inali yolimbadi. Vuto lake linali pansi, kumene diso silifika.

Mabowo a nthawi imeneyo ankatchingidwa ndi mapaipi achitsulo, ndipo timing'alu tolowera madzi tinali tochepa koma tokanuka kwambiri. Madzi ankalowa mothamanga, atatenga mchenga. Pansi penipeni pa pampu panali silinda, m'kati mwake muli zikopa zimene zinkakweza madzi, ndipo mchenga uja unkadya zikopazo tsiku ndi tsiku mpaka kuzitha. Chikopa chinali chinthu chaching'ono, chotsika mtengo. Koma kuti munthu achifikire ankayenera kuzula pampu yonse, chifukwa silindayo inali yonenepa kuposa mapaipi okwezera madzi, moti chilichonse cha m'kati mwake sichikanatuluka pachokha. Pankafunika lole, amuna angapo odziwa ntchito, chimango cha miyendo itatu ndi tcheni chokokera, kuti azule paipi ndi paipi, iliyonse yodzaza madzi.

Tsono mjigo ukafa, uthenga unkayamba ulendo. Nyakwawa inkauza gulupu, gulupu n'kukauza mfumu yaikulu, kalata n'kupita kwa DC ku boma, kuchoka apo n'kukafika kwa anthu a zamadzi. Iwo anali ndi malole owerengeka oyang'anira mijigo yomwazikana m'maboma angapo. Nthawi ya dzinja misewu inkaduka. M'zaka za m'ma 1970 mtengo wa mafuta unakwera pa dziko lonse, maulendo n'kucheperachepera. Mudzi unkatha miyezi ukuyang'ana kunjira, amayi atabwerera kudambo, chonsecho chofunika chinali kachikopa kokwana m'chikhatho. Anthu ankautcha mjigo wa boma, ndipo sankalakwitsa, pakuti analibe chida chotsegulira ngakhale chilolezo choukhudza. Paja akuluakulu amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Apa panawonjezera pakuti ikaguluka, wobwerekayo sankaloledwa n'komwe kuikhomera.

Pamene zinthu zinali chomwechi ku mijigo, kumbali ya mipope kunkachitika zina. Mu 1968 anthu a ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, anakumba ngalande ndi makasu awo n'kuyala mapaipi otsitsa madzi kuchokera kumtsinje wa m'phiri, popanda injini iliyonse. Ntchito yodzithandiza imeneyi inafalikira ku Mulanje, ku Phalombe ndi kwina, ndipo alendo ankabwera kuchokera kutali kudzaona. Inaonetsa poyera kuti anthu akumudzi akauzidwa zoona, akapatsidwa mbali yawo, amagwira ntchito ndipo amasamala chimene akhetsera thukuta. Koma mipope yotere imafuna phiri lokhala ndi nkhalango ndi mtsinje wosaphwa. Amalawi ambiri amakhala kutali ndi zoterezi. Madzi awo ali pansi pa mapazi awo.

Mayiko ena nawo ankalimbana ndi mutu womwewu. Ku Zimbabwe kunali Bush Pump, imene Tommy Murgatroyd anapanga ku Plumtree mu 1933, yoyendera pa chipika cha mtengo wolimba, ndipo mpaka lero ikutumikira. Ku India, m'zaka za m'ma 1970, boma pamodzi ndi UNICEF anatulutsa India Mark II, pampu yolimba bwino imene inafalikira m'midzi yosawerengeka. Koma nayonso inali ndi chilema chomwe chija: kuti usinthe kanthu ka pansi, uzule mapaipi onse achitsulo. Pambuyo pa msonkhano wa zamadzi wa ku Mar del Plata ku Argentina mu 1977, bungwe la United Nations linapatula zaka za 1981 mpaka 1990 kukhala za madzi akumwa ndi ukhondo. UNDP ndi World Bank anayambitsa ntchito yoyesa mapampu amanja, ndipo pomaliza anali atayesa mapampu pafupifupi 2,700 a mitundu 70 m'mayiko 17. Malawi anali m'gulu limeneli, ndipo bwalo lake loyeserapo linali Livulezi.

Ntchito ya kumtunda kwa Livulezi inayendetsedwa ndi nthambi ya boma imene panthawiyo inkayang'anira za malo ndi madzi, mothandizana ndi akatswiri a madzi a pansi ochokera ku Britain, monga David Grey ndi John Chilton, pamodzi ndi Amalawi oboola, omanga ndi oyendetsa makina. Njira yake inali yachilendo. M'malo moboola kuno chitsime chimodzi, china ku boma lina, anaika makina ndi antchito onse m'dera limodzi, kuyenda mudzi ndi mudzi mpaka chigwa chonse chikwanire. Motero galimoto imodzi inkatumikira magulu angapo, woyang'anira ankaona ntchito yonse pa tsiku, ndipo mtengo wa chitsime chilichonse unatsika kwambiri. Muyeso unali wakuti mjigo umodzi utumikire anthu 250, chitsime chokumba ndi manja anthu 125, munthu aliyense apeze malita 27 pa tsiku, ndipo pasakhale woyenda mtunda wopitirira mamita 500. Pamene madzi anali pafupi ankakumba chitsime n'kuchitseka, pamene anali patali ankaboola. Mudzi unkakhala nawo posankha malo, unkalambula njira, kututa mchenga ndi miyala, kuumba njerwa zomangira pochapira ndi ngalande yotayira madzi.

Chinthu choyamba chimene anakonza sichinali pampu ayi, koma dzenje. Ichi chimaiwalika kawirikawiri, ndipo ndi chimene ine ndimachilemekeza kwambiri pa ntchito yonseyi. Anaona kuti m'madera ambiri a dziko lino madzi amakhala m'thanthwe lofumbutuka la pamwamba, osati pansi penipeni m'mwala wolimba, choncho panalibe chifukwa choboolera mozama mopambanitsa monga ankachitira kale. M'malo mwa mapaipi achitsulo anatsitsamo a pulasitiki ya PVC, osachita dzimbiri, ochekedwa timing'alu tambirimbiri topyapyala. Kuzungulira paipiyo ankathiramo mchenga wokhakhala wa m'mbali mwa nyanja ya Malawi, wosefedwa bwino, kuti uzitchinga dothi ndi mchenga wosalala. Madzi anayamba kulowa modekha, oyera. Pampu imene sikumeza mchenga imakhalitsa, ngakhale ikhale ya mtundu wanji.

Kenaka linabwera funso la pampu yeniyeniyo, ndipo apa ndi pamene maganizo anatembenuka. Kwa zaka zambiri amisiri ankafunafuna pampu yosafa: onjezera chitsulo, limbitsa apa, nenepetsa apo. Koma chinthu chimene chikupopedwa ndi anthu mazana awiri kapena atatu, kuyambira m'bandakucha mpaka mdima, sichingalephere kutha. Anthu a ntchito ya ku Livulezi anavomereza zimenezi. Anati chinthucho chizitha ndithu, koma tisankhe ife chimene chizitha. Chikhale chaching'ono, chotsika mtengo, chopepuka, ndipo munthu wa m'mudzi momwemo azitha kuchifikira n'kuchisintha dzuwa lisanafike pamutu. Mjigo umene umafa kawiri pa chaka n'kudzuka tsiku lomwelo umapatsa anthu madzi ambiri kuposa umene umafa kamodzi pa zaka ziwiri n'kugona miyezi isanu. Kuwerengera kwake n'kosavuta, koma panafunika kudzichepetsa kuti katswiri akuone, chifukwa kunkatanthauza kuchotsa sipanala m'manja mwake n'kuipereka kwa mayi wosapita patali ndi sukulu.

Mutu wa pampu yatsopanoyo unayamba kupangidwa m'dziko muno kumayambiriro kwa 1982, ndipo unatchedwa Maldev. Unali wa zitsulo zowotcherera zimene amisiri athu akanatha kudula ndi kulumikiza, ndipo unapangidwa mwakuti zonse za pansi zizitulukira pamwamba popanda kuuchotsa. Sunabadwe wangwiro. Handulo yake inkayendera pa mabeling'i achitsulo, a timipira tija, ndipo sanachedwe kuvuta: fumbi, madzi, kumenyetsa handulo kwa ana, zonsezi zinkawapha msanga, ndipo kuwasintha kunkafuna zida ndi luso. Kumapeto kwa 1982 mutu woyamba woyendera mabeling'i a pulasitiki unaikidwa ku Kenya, ndipo kuyambira 1983 likulu la ntchitoyi linasamukira komweko, kumene mapampu anayesedwa kwambiri m'boma la Kwale kufupi ndi nyanja yamchere, uku kuyesa kukupitirirabe ku Malawi. Nkhani ya mabeling'i inatenga zaka, mpaka mu 1985 pamene anapeza yankho: mabushi a mitundu iwiri ya pulasitiki, wina kulowa mwa mnzake, osafuna girizi, osachita dzimbiri, ovulidwa ndi zala. Popeza tsopano manja a mayiko angapo anali atalowapo, dzina linasintha kukhala Afridev. Mu 1989 bungwe la SKAT la ku Switzerland linasindikiza miyeso ndi zojambula zake zonse. Palibe kampani imene inapatsidwa umwini. Aliyense wokhala ndi fakitale ali ndi ufulu woupanga, bola atsate miyesoyo.

Tsopano titsike pansi, tione chimene chimachitika munthu akamapopa. Kuchokera pa mutu wa mjigo kumatsika paipi ya pulasitiki ya mamilimita 63, kumapeto kwake kuli silinda ya mamilimita 50 yokutidwa ndi mkuwa m'kati. M'paipimo mumadutsa ndodo zachitsulo zolumikizana, iliyonse yotalika pafupifupi mamita atatu, ndipo polumikizira paliponse pali kalabala koteteza kuti chitsulo chisamakhule paipi. Kunsonga kwa ndodo yomaliza kuli pulanja, yovala labala lozungulira limene limagwira khoma la silinda. Pansi pake pakhala futuvalavu. Zonse ziwirizi zili ndi kabobini m'kati, kamene kamalola madzi kukwera koma osabwerera. Ukatsitsa handulo, ndodo zimakwera, pulanja imanyamula madzi amene ali pamwamba pake, ndipo futuvalavu imatseguka kulowetsa ena. Ukakweza handulo, pulanja imatsika, futuvalavu imatseka, madzi n'kudutsa m'kati mwa pulanja kukadikira ulendo wotsatira. Mjigowu umatha kukweza madzi kuchokera pa mamita 45, ndipo handulo yake imatalikitsidwa kapena kufupikitsidwa molingana ndi kuya kwa chitsime, kuti ngakhale mwana wasukulu athe kupopa.

Nzeru yonse yagona pa manambala awiri aja. Paipi ndi yotakata kuposa silinda. Choncho pulanja ndi futuvalavu zimakwera m'paipi momwemo mpaka kutulukira kumwamba, paipiyo ili chikhalire. Lole ija, chimango cha miyendo itatu chija, tcheni chija, zonse zinatha ntchito chifukwa cha kusiyana kwa mamilimita owerengeka.

Amene anaonererapo tsiku lokonza mjigo amadziwa kukoma kwake. A komiti amafika ndi sipanala imodzi, mbedza yake, ndowa ya madzi oyera ndi kathumba ka masipeya. Amamasula bawuti imodzi, chivundikiro n'kuchoka. Sipanala yomweyo imamasula manati a pini ya handulo ndi a pini yonyamula ndodo. Kenaka amapisa mpini wa sipanalayo pa kabowo ka pamwamba kuti ndodo zitsamirepo zisagwere pansi, n'kusolola handulo. Mabushi anayi amavulidwa pomwepo, n'kuwayang'ana ngati adyeka. Ndiye kuyamba kukoka ndodo, awiri akukweza, wina akugwiriziza, wina akumasula polumikizira. Apa sipafunika phuma, chifukwa ndodo ikapulumuka m'manja n'kugwera m'dzenje, ntchito ya ola limodzi isanduka ya masiku. Mumamva mawu akuti, "Gwiritsani amayi, musataye, ndamasula." Ndodo iliyonse imatsukidwa n'kugonekedwa pa mitengo kapena pa njerwa, osati padothi, motsatana monga zatulukira. Yomaliza imabwera ndi pulanja. Mayi amatenga kampeni, kuchotsa labala lakutha, kuveka latsopano milomo yake itayang'ana kumwamba. Likavekedwa chozondoka mjigo sutulutsa kanthu, ndipo ophunzira ambiri amayamba alakwitsa pomwepa. Akafuna futuvalavu amamangirira mbedza kunsonga kwa ndodo, kuzitsitsanso, kufufuza mpaka imve kuti yakola, n'kuikoka. Pobwezera zonse, ana amakhala atazungulira kale ndi zigubu zawo, kudikira kuti madzi oyamba amatope adutse.

M'kupita kwa zaka anthu aphunzira kumva matenda a mjigo ndi khutu ndi dzanja. Handulo ikamagwedera uku ndi uku, ikulira chitsulo pa chitsulo, ndiye kuti mabushi atha, ndipo kuchedwa kuwasintha kumadyetsa pini ndi mutu womwe. Handulo ikapepuka, munthu n'kumapopa kwambiri madzi akutuluka pang'ono, labala la pulanja latha. Woyamba kufika m'mawa akapopa nthawi yaitali madzi asanabwere, koma masana zonse zili bwino, ndiye kuti madzi akuthawa usiku, mwina pa futuvalavu kapena pa mng'alu wa paipi. Zimenezi sizifuna satifiketi. Mayi amene amapopa mjigo womwewo tsiku lililonse amazindikira kusintha kwake msanga kuposa mlendo aliyense wobwera pa galimoto.

N'chifukwa chake kunali koyenera kuti amayi alowe m'makomiti ndi m'magulu okonza, ngakhale poyamba ena ankaona ngati sipanala ndi ya abambo. Mjigo ukafa, woyamba kuvutika ndi mayi ndi mwana wamkazi. Bambo angathe kumva nkhaniyo madzulo, madzi osamba atawapeza kale kubafa, osadziwa kumene achokera. Wopwetekedwa ndi amene amafulumira kukonza. Ndondomeko imene inakhazikika pambuyo pake, ya komiti ya pamjigo ya anthu khumi, amayi osachepera theka, ndi msonkhamsonkha wa pakhomo ndi pakhomo wogulira masipeya, mizu yake ili pa maganizo omwewa. Ndipo malamulo a pamjigo amene tonse tinakulira, akuti osatsukira mbale pa simenti, osamenyetsa handulo, osabweretsa ziweto pafupi, ndi malamulo a eni chinthu, osati a obwereka.

Kufalikira kwake kunathamanga chifukwa cha mavuto. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno, ndipo Ntcheu, pokhala pamalire, analandira ochuluka. Mu 1992 kunagwa chilala choopsa chimene chinaumitsa zitsime zosazama. Utabwera ulamuliro wa zipani zambiri, MASAF ndi mabungwe osiyanasiyana anaboola mijigo yambirimbiri. Boma linasankha Afridev kukhala mjigo wovomerezeka pa zitsime zakuya, kuti sipeya wogulidwa ku Karonga akwanenso ku Chikwawa, ndipo kwa nthawi ndithu masipeyawo ankapezeka m'masitolo a Chipiku. Pa zitsime zosazama panabwera Malda, ina yobadwira konkuno, yopopa mokoka ndi kukankha popanda handulo yaitali. Kunja nako Afridev inakhazikika ku Mozambique, ku Kenya, ku Ethiopia, ku Ghana, mpaka ku Pakistan. Ngakhale a ku India anatengera nzeru ya silinda yotsegula kumwamba pa pampu yawo yotsatira, India Mark III.

Kunena kuti zonse zinayenda bwino kungakhale kunamiza anthu amene lero lomwe akutunga kudambo mjigo uli poteropo. M'madera amene madzi ake amadya chitsulo, ndodo wamba zimachita dzimbiri, madzi n'kumatuluka ofiira, onunkha, othimbiriritsa nsima ndi zovala, ndipo mankhwala ake ndi ndodo zosachita dzimbiri, zimene ndi zodula komanso zimakopa akuba. Paipi ya pulasitiki ikang'ambika kapena kuguluka polumikizira, imeneyo si ntchito ya sipanala imodzi. Pamafunika kuzula paipi yonse yathunthu, anthu ambiri ataichirikiza ndi mitengo ya mphanda, kudula, kumata, ndipo apa ndi pamene pamafunika mekaniki wa m'dera amene amayenda pa njinga midzi ingapo. Msonkhamsonkha nawo umavuta. M'miyezi ya njala palibe amene ali ndi yapadera, ndipo ndalama zikasowa m'manja mwa msungichuma kamodzi kokha, anthu amagwa ulesi kwa zaka. Ena aona kuti mawu akuti mjigo ndi wa eni mudzi anasanduka pothawira, boma ndi mabungwe n'kusamba m'manja pa zinthu zimene mudzi sungathe pawokha. Dandaulo limeneli ndi loona. Ku Livulezi sikunanenedwe kuti mudzi usiyidwe wokha. Maganizo anali akuti mudzi uchite zazing'ono za kawirikawiri, ndipo kumbuyo kwake kukhale wina wogwira zazikulu.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuiwalika kwa phunziro loyamba lija, la dzenje. Mijigo yambiri imene imafa isanathe zaka ziwiri sikuti pampu yake ndi yoipa. Ndi yoboola mothamanga, pa malo osankhidwa chifukwa cha kampeni kapena chifukwa ndi pafupi ndi nyumba ya munthu wotchuka, popanda woyang'anira, mchenga wosefera utathiridwa mwa chinyengo kapena osathiridwa n'komwe. Wina amaboola m'dzinja madzi ali pamwamba, kulandira malipiro, n'kumapita, ndipo pofika Okutobala mjigo ukungokoka mpweya. Zikatero mlandu umagwera komiti, akuti anthu akumudzi sasamala, pamene labala ngakhale likhale latsopano bwanji silingakweze madzi amene kulibe.

Chinanso ndi ichi. Cholinga china cha Maldev chinali chakuti mjigo uzipangidwa konkuno, ndi amisiri athu. Lero ma Afridev ochuluka amene timaika, pamodzi ndi malabala, mabobini ndi mabushi ake, amachokera ku mafakitale a ku India, ndipo timawagula ndi ndalama zakunja zimene zimatisowa. Ena mwa masipeyawo ndi abwino, ena ndi achinyengo, ndipo mayi wogula pa sitolo ya pa boma alibe njira yowasiyanitsira mpaka labala litatha pa mwezi umodzi. Zojambula zake ndi zaulere kwa aliyense. Tili ndi masukulu a ntchito zamanja, tili ndi ophunzira za uinjiniya ku Blantyre ndi ku Thyolo, tili ndi msika wa mijigo masauzande ambirimbiri imene imafuna mabushi anayi ndi labala chaka ndi chaka. Sindikuona chifukwa chomveka chimene kanthu kokwana m'thumba la malaya kaziwolokera nyanja kuti kafike ku Kandeu.

Masiku ano kukubwera mapampu oyendera dzuwa, thanki pamwamba, mipope pansi, ndipo ndi chinthu chabwino, pakuti palibe amene amakonda kupopa. Koma pamene zatsopanozi zikubwera, amene anachita nawo ntchito ya ku Livulezi, amene anasenza mchenga, oboola, amayi oyamba kugwira sipanala ija, amene ali moyo tsopano ndi nkhalamba. Mawu awo ayenera kujambulidwa akadalipo, afotokoze okha mmene ankasankhira malo, chimene chinkathyoka, ndi zimene ankawauza akatswiri aja pampu ikawavuta, chifukwa zosintha zambiri pa mjigowu zinachokera pa madandaulo a opopa. Pabwalo la nyumba yosungirako zinthu zakale ya ku Chichiri ku Blantyre paimikidwa makina akale, injini ya sitima ya pamtunda ndi magalimoto a nthawi ya atsamunda, zonse zopangidwa kunja. Pamenepo payenera kuimanso mutu wa Maldev wa mu 1982, pambali pake sipanala ndi mbedza, ndi chikwangwani chotchula Ntcheu ndi midzi ya m'chigwa cha Livulezi imene inauyesa.